Kanyumba ka masiye pa nthaka ya boma m'mapiri a Sierra Nevada: lipoti la nkhani

Nkhaniyo mwachidule

Ntchito yanga ndi yolongosola chuma cha masiye m'chigawo cha California, ku America. Lipoti ili likunena za banja limodzi limene ndagwira nalo ntchito kuyambira mu 2019. Ndi ana atatu, onse akuluakulu okhala ndi mabanja awo, amene mayi awo anawasiyira kanyumba kamatabwa kokapumulirako m'nkhalango ya boma ya Eldorado National Forest, m'mbali mwa msewu wa Highway 50 wochoka ku Sacramento kukwera mapiri kulowera ku nyanja ya Tahoe. Mayina awo sinditchula, ngakhalenso dzina la kamudzi ka tinyumba kumene kanyumbako kanali. Wachisamba, yemwe ndi bambo, ndiziwatcha Achimwene. Wachiwiri ndi mayi, ndiziwatcha Achemwali. Wotsiriza ndi Mzime, mnyamata amene panthawiyo ankakhala kutali ku Texas.

Wilu ya mayi awo inalembedwa bwinobwino ndipo palibe anaikayikira. Ndime yonena za kuphiri inkati ana atatuwo agawane mofanana "nyumba ya kuphiri pamodzi ndi malo ake". Mavuto onse a zaka zotsatira anachokera m'mawu atatu otsirizawo, chifukwa malowo sanali a mayiwo, sanali a amuna awo, ndipo sanakhalepo a agogo amene anamanga. Banjali linali ndi matabwa, malata, misomali ndi chumuni cha miyala. Nthaka ya pansi pake ndi ya boma la dziko lonse la America, ndipo amene amailondera ndi nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango, ya Forest Service. Chimene chinkalola matabwawo kuima pamenepo ndi chikalata cha masamba angapo, chilolezo, chimene palibe mwana ngakhale mmodzi anali atachiwerenga.

Kumene tinyumba timeneti tinachokera

Forest Service inakhazikitsidwa mu 1905 pansi pa unduna wa zaulimi, mtsogoleri wake woyamba ali Gifford Pinchot. Pa 4 Malichi 1915 nyumba ya malamulo ya Congress inavomereza lamulo lolola nthambiyi kupatsa anthu zilolezo za nthawi yoikika, yosapitirira zaka 30, kuti amange tinyumba tokapumulirako m'nyengo yotentha. Boma ndilo linkachita kuitana anthu. Linayeza mapuloti m'mbali mwa mitsinje ndi nyanja, n'kumawagawa pa mtengo wa madola owerengeka pachaka, pofuna kuti nkhalango zikhale ndi anthu ozikonda ndi kuziteteza. Agogo a anawa anatenga puloti yawo m'zaka za m'ma 1930, n'kumanga ndi manja awo.

Lero tinyumba totere tilipo pafupifupi 14,000 m'dziko lonse, ndipo California ndiye ali ndi tambiri kuposa chigawo china chilichonse. Kuyambira cha m'ma 1960 boma linaleka kutsegula midzi yatsopano yotere. Wofuna kanyumba ayenera kugula kwa amene ali nako kale, apo ayi akasiyiridwe ndi makolo. Kusowa kumeneku ndiko kumakweza mtengo, ndipo mtengo wokwerawo ndi umene umapusitsa olowa chuma kuganiza kuti alandira malo.

Amene akudziwa lizi ya zaka 99 ya ku Malawi asafulumire kufanizira. Mwini lizi ali ndi gawo m'nthakayo, akhoza kuligulitsa kapena kukakongolera nalo ku banki. Chilolezo cha Forest Service chimanena poyera kuti sichipereka gawo lililonse m'nthaka, sichigulitsidwa ndipo sichisamutsidwa. Masiku ano chimakhala cha zaka 20. Cha banjali chinaperekedwa mu 2008, ndipo tsiku lake lotha ndi 31 Disembala 2028, mofanana ndi zilolezo zina zambiri za m'derali. Kanyumba kakasintha mwini, chilolezo chakale chimathera pomwepo. Mwini watsopano amapempha chake, ndipo akapatsidwa chimakhala cha zaka zimene zinatsala pa chakale chija.

Zofuna za ana atatu

Pa msonkhano woyamba aliyense anabwera ndi ganizo lake, ndipo maganizo awiri mwa atatuwo anali oletsedwa.

Achimwene anali pafupi kupuma pantchito. Ankafuna kugulitsa nyumba yawo ya mumzinda n'kukakhazikika kuphiriko, azilipira abale awowo kenakake mwezi ndi mwezi. Chilolezo chimakana zimenezi. Kanyumba sikaloledwa kukhala kwawo kwenikweni kwa munthu, ndipo mwini chilolezo ayenera kukhala ndi nyumba ina kumene amakhala masiku onse. Mbali inayi, kanyumba sikaloledwanso kungosiyidwa. Kayenera kugonedwamo masiku osachepera 15 pachaka.

Mzime ankaona ndalama. Anali atawerengera kale zimene angapeze poika kanyumbako pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lochititsira lendi nyumba kwa alendo a masiku ochepa, m'nyengo ya chipale chofewa, pamene anthu amakhamukira ku Tahoe kukasewera pa chipale m'mapiri. Nazonso n'zoletsedwa. Kubwereketsa kumaloledwa mwa apo ndi apo, kwa masiku ochepa pachaka, ofesi ya nkhalango itavomereza molemba, ndipo cholinga chake chikhale kuthandizira zolipira, osati kuchita bizinesi. Mzime atamva anati: "Ndiye achimwene, tikukanganirana chiyani? Chinthu choti sungakhalemo, sungachititse lendi, koma uzingochilipirira chaka ndi chaka?"

Funso limenelo linali loyenera, ndipo sindinayese kulizemba. Kanyumba kotere ndi chuma chodya ndalama. Phindu lake ndi kugona pafupi ndi mtsinje wa South Fork American m'mwezi wa Julaye, basi. Amene sakuona phindu pamenepo ndi bwino atuluke msanga, asanayambe kudana ndi abale ake.

Achemwali ndi amene ankapita kuphiriko ndi mayi awo m'zaka zotsiriza. Ankadziwa potsekera madzi chisanu chisanafike kuti mapaipi asaphulike, ankadziwa anansi onse, ndipo ankapita kumisonkhano ya bungwe la eni tinyumba m'kamudziko. Ankangofuna kuti zinthu zikhale momwe zinalili.

Dzina limodzi pa chilolezo

Apa ndi pamene panali ntchito yeniyeni. Lamulo la California silikana anthu atatu kukhala eni a nyumba imodzi. Koma Forest Service imapereka chilolezo kwa munthu mmodzi, kapena mwamuna ndi mkazi wake, kapena munthu mmodzi woimira thirasiti ya banja, yomwe ndi dongosolo lalamulo loika chuma m'manja mwa wochisungira ena. Siipereka kwa kampani, kapena kwa gulu la anthu ochitira pamodzi malonda. Mzime anali atauzidwa ndi mnzake kuti angotsegula kampani yaing'ono n'kuika kanyumbako m'dzina lake, monga achitira anthu ambiri ndi nyumba za lendi. Njira imeneyo ndi yotsekeka.

Kwathu timati mutu umodzi susenza denga, koma pa nkhani iyi boma limafuna mutu umodzi womwewo. Limafuna munthu mmodzi woti lizimulembera kalata, amene ayankhe ngati mtengo wadulidwa popanda chilolezo, ngati ndalama ya pachaka sinalipidwe, ngati mwana wa mlamu wayatsa moto panja pa nthawi yoletsedwa. Ndimaona kuti lamuloli n'lanzeru, pakuti ofesi ya nkhalango singakhale bwalo loweruza mikangano ya pachibale. Komabe pabanja limapweteka. Wolembedwa dzina amasenza milandu ya onse, ndipo osalembedwa amayamba kudziona ngati alendo m'nyumba ya agogo awo.

Achimwene ankati dzina likhale lawo chifukwa ndi aakulu. Sanalankhule mwamwano. Anati: "Achemwali, bambo akanakhala moyo akanandisiyira ine, mukudziwa." Achemwali sanatsutse, anangofunsa ngati achimwene awowo akudziwa tsiku limene ofesi imafuna kuti masamba ouma a paini akhale atasesedwa kuzungulira nyumba. Sanadziwe.

Ndinawalangiza kuti akhazikitse thirasiti ya banja, kanyumba kalowe m'menemo, atatu onsewo akhale opindula mofanana, ndipo woimira thirasiti pa chilolezo akhale Achemwali. Chifukwa chimene ndinapereka chinali chimodzi: wolembedwa akhale amene angafike kuphiriko m'maola awiri ofesi ikaimba foni. Kuti Achimwene asaone ngati alandidwa ukulu, chikalata cha mgwirizano chinawapatsa udindo wosunga thumba la ndalama, ndipo chinati palibe chosintha chachikulu pa nyumbayo popanda siginecha za onse atatu. Zinatenga miyezi kuti avomere, ndipo anavomera mosasangalala.

Zimene oyendera anapeza

Chilolezo chatsopano chisanaperekedwe, ofesi ya nkhalango imayendera puloti kuona ngati zimene zilipo zikugwirizana ndi zolembedwa m'faelo. Makolo akakhala pamalo zaka makumi angapo, pamachuluka tinthu towonjezera timene palibe anakapempha. Pano panapezeka izi.

Khonde lamatabwa la kumbuyo bambo awo analikuza m'zaka za m'ma 1990, osauza ofesi. Kashedi kosungiramo nkhuni kanali kataikidwa mabedi awiri ndi magetsi, kusanduka chipinda chogona. Panali mpanda wa waya wotsekera galu. Ndipo panali mitengo iwiri yakufa yoweramira denga, yotsala pa chilala cha 2012 mpaka 2016, pamene tizilombo tofukula makungwa tinapha mitengo yopitirira 100 miliyoni m'California.

Mpanda unachotsedwa tsiku limodzi. Mipanda siiloledwa, chifukwa puloti ikadali nkhalango ya anthu onse, ndipo wokawedza nsomba ali ndi ufulu wodutsa pabwalo panu popita kumtsinje. Mabedi anatulutsidwa m'kashedi. Mitengo ndiyo inadabwitsa Mzime. Ndi ya boma, ndipo simungaidule musanaloledwe, koma udindo woona kuti ndi yoopsa ndi wanu, mtengo wolipira odula ndi wanunso.

Khonde linativuta kwa nthawi yaitali. Kanyumba kalikonse kopitirira zaka 50 kamagwa pansi pa lamulo la 1966 loteteza zinthu zakale, National Historic Preservation Act. Ndime 106 ya lamuloli imakakamiza nthambi ya boma kufufuza kaye isanalole kusintha kulikonse pa chinthu chimene chingakhale cha mbiri. Ndiye ngakhale kusintha mawindo akale amatabwa kuika apulasitiki, kapena kupaka utoto wowala m'malo mwa wofanana ndi makungwa, kumafuna kalata. Khondelo linali lalikulu kuposa mlingo wololedwa, komanso linkaphimba mbali ya maziko a miyala amene agogo anamanga. Ofesi inalola kuti mbali ina itsale, ina igwetsedwe pa nthawi yoikika. Achimwene zinawawawa kwambiri, chifukwa anathandiza bambo awo kukhoma matabwa amenewo. Ine ndinkawamvetsa, koma sindinawalimbikitse kuchita apilo. Khondelo linamangidwadi popanda chilolezo, ndipo kulimbana kukanangochedwetsa chikalata chimene popanda icho nyumba yonse inali pamalo a eni mosaloledwa.

Ndalama

Kwa zaka zambiri ndalama ya pachaka inkawerengedwa pa mtengo wa puloti. Lamulo la mu 2000, Cabin User Fee Fairness Act, linaika 5 peresenti ya mtengo umene owerengera apeza, kutanthauza kuti puloti yoyesedwa madola 100,000 inkafuna madola 5,000 chaka chilichonse. Mitengo ya malo itakwera, mabanja ena analandira makalata ofuna ndalama zopitirira madola 10,000 pachaka pa kanyumba kopanda magetsi. Bungwe la eni tinyumba la National Forest Homeowners linalimbana ndi zimenezi mpaka lamulo latsopano, Cabin Fee Act, linasainidwa mu Disembala 2014. Ilo linagawa mapuloti onse m'magulu 11, lotsika kwambiri madola 650 pachaka, lokwera kwambiri madola 5,650, kusiyana kwa gulu ndi linzake kuli madola 500, ndipo ndalamazi zimakwera pang'ono chaka ndi chaka potsata kukwera mitengo kwa zinthu. Linaikanso ndalama ya madola 1,200 yolipira chilolezo chatsopano chikamaperekedwa chifukwa mwini wasintha.

Puloti ya banjali inali m'gulu lachinayi, loyambira pa madola 2,150. Pamwamba pake panali msonkho wa kaunti, lomwe ndi boma la m'deralo, chifukwa ku California munthu wogwiritsa ntchito nthaka ya boma payekha amakhoma msonkho pa kugwiritsa ntchitoko ngakhale nthakayo si yake. Panalinso zopereka ku bungwe la kamudzi zokonzera msewu ndi mapaipi a madzi, ndiponso inshuwalansi. Mabanki nthawi zambiri sapereka ngongole ya nyumba pa kanyumba kotere, poti palibe nthaka yoti agwire ngati chikole. Ndiye m'bale wofuna kugula gawo la mnzake ayenera kukhala ndi ndalama m'manja, ndipo pakati pa atatuwa panalibe amene anali nazo.

Mu 2020 kampani imene inkateteza kanyumbako kuyambira kale inakana kupitiriza, monga makampani ambiri ankachitira m'madera a moto wolusa. Banjali linalowa mu California FAIR Plan, njira imene inakhazikitsidwa mu 1968 kuti athawireko anthu okanidwa kwina konse. Imateteza ku moto koma siiphimba zonse, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Pofuna kuchepetsa ndalama ya pachaka, anawa anasankha chiwerengero chotsika cha mtengo wa nyumba. Ndinawauza molemba kuti chiwerengerocho sichingamangenso nyumba pa malamulo a masiku ano. Anakambirana n'kukweza pang'ono chabe.

Ndime ya moto

Mgwirizano wa atatuwo unasainidwa mu 2020. Zambiri mwa zimene zili m'menemo n'zodziwikiratu: kalendala ya masabata, kagawidwe ka zolipira, njira yoti wofuna kutuluka ayambe wagulitsa kwa abale ake, ndi zaka zimene ogulawo apatsidwe kuti amalize kulipira. Ndime imene ndinaumirira, ndipo Achimwene anaiona ngati kulodza, inali yonena zoti zichitike nyumba ikapsa.

Ndinaumirira chifukwa cha zimene chilolezo chimanena. Chimati zoopsa zonse zili pamutu pa mwini: kuba, madzi osefukira, chigumukire cha chipale chofewa, mitengo yogwa, moto, ngakhalenso moto woyatsidwa ndi ozimitsa moto pa ntchito yawo. Chimatinso nyumba ikawonongeka kwambiri, mwini sayamba kumanga mmawa mwake. Ofesi imaunika kaye ngati kumanganso pamalopo kukugwirizana ndi dongosolo la nkhalangoyo komanso ngati kuli kotetezeka. Ikakana, chilolezo chimatha, ndipo mwini amachotsa zotsala zonse n'kubweza nthaka momwe inalili, pa ndalama zake. Ofesi ikhoza kupereka puloti ina m'malo mwake ngati ilipo, koma siikakamizidwa kutero.

Ndime yathu inati ndalama ya inshuwalansi iyambe yalipira kuyeretsa puloti. Yotsala ikhale ya atatu mofanana. Aliyense apatsidwe miyezi isanu ndi umodzi yosankha kuika gawo lake pa kumanganso kapena kulitenga n'kutuluka, ndipo wotuluka asakhalenso ndi chonena pa nyumba yatsopano.

Moto wa Caldor unayamba pa 14 Ogasiti 2021 kumwera kwa Grizzly Flats. Patangopita masiku atatu unali utanyeketsa mbali yaikulu ya mudziwo. Kenako unalowera kum'mawa motsata chigwa cha Highway 50, n'kuoloka mutu wa mapiri pa Echo Summit, ndipo pa 30 Ogasiti anthu a mumzinda wa South Lake Tahoe analamulidwa kuthawa. Pamene unkagonjetsedwa pa 21 Okutobala unali utatentha maekala oposa 221,000 ndi nyumba pafupifupi 1,000, kuphatikizapo tinyumba ta pa nthaka ya boma topitirira zana. Ka banjali kanali m'gulu limenelo. Panatsala chumuni, mbaula yachitsulo ndi malata opindika. Mbali ya khonde imene ofesi inalola kuti itsale inapsa pamodzi ndi zonse.

Pambuyo pa moto

Choyamba chinali phulusa. Phulusa la nyumba yakale si la nkhuni wamba. Muli mtovu wa m'utoto wakale, mwinanso asibesitosi, ndipo puloti inali pafupi ndi mtsinje umene madzi ake amamwedwa kumunsi. Mvula ndi chipale chofewa zinali pafupi. Thandizo la FEMA, bungwe la boma lothandiza anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, kwa mabanja limapita ku nyumba imene munthu amakhalamo masiku onse, ndipo kanyumba aka mwalamulo sikakanatha kukhala nyumba yotero. Achemwali, poti dzina pa chilolezo linali lawo, ndi amene anasenza makalata, mafoni ndi maulendo onse. Ndinaona m'miyezi imeneyo kuti kusankha woimira potengera amene ali pafupi ndi wodziwa malowo kunapulumutsa banjali ku milandu imene ikanabwera chifukwa chochedwa. Ndinawathandizanso kupempha kuti ndalama ya pachaka ichepetsedwe, chifukwa lamulo la 2014 limalola ofesi kuchepetsa kapena kuimitsa ndalamayo ngati malo sangafikike kapena kukhalidwa.

Chachiwiri chinali funso lomanganso, ndipo ndi pamene ndinataya tulo. Nyumba ya agogo inamangidwa popanda injiniya. Yatsopano iyenera kuvomerezedwa ndi ofesi ya nkhalango pa kukula, maonekedwe ndi utoto, komanso ndi kaunti pa malamulo onse a zomangamanga. Ku California nyumba zatsopano za m'madera a moto zimafuna denga, makoma ndi mawindo osagwira moto msanga, ndipo kuyambira mu 2011 nyumba zatsopano zimaikidwa mapaipi opopera madzi okha moto ukabuka m'kati. Denga liyenera kuwerengeredwa kulemera kwa chipale chofewa cha m'mapiri amenewo. Chimbudzi chakale chokumba sichikanaloledwanso pafupi ndi mtsinje. Makontilakitala anali ochepa, onse otanganidwa, ndipo nyengo yomanga kumtundako ndi ya miyezi yowerengeka. Mitengo imene analandira inali pafupifupi kuwirikiza kawiri ndalama imene inatsala ku inshuwalansi.

Pamwamba pa zonsezo panali chaka cha 2028. Kodi n'kwanzeru kuthira ndalama za moyo wonse m'nyumba yoima pa chilolezo chotsala ndi zaka zosakwana zisanu ndi ziwiri? Ndinawafotokozera mbali zonse ziwiri. Mbiri ikusonyeza kuti kumene eni akusunga malamulo, ndipo kamudziko kakugwirizana ndi dongosolo la nkhalango, zilolezo zatsopano zimaperekedwa, monga zinachitikira mu 2008. Ngati boma lafuna kusandutsa malowo kukhala a ntchito ina yothandiza anthu onse, ndondomeko yake ndi yochenjeza eni zaka 10 zisanafike. Koma palibe ndime yolonjeza kuti chilolezo chatsopano chidzaperekedwa, ndipo sindikanawanamiza kuti ilipo.

Achimwene anasankha kutuluka. Iwo ankakonda nkhalango yamthunzi imene anakuliramo, ndipo anati sangamange pakati pa zitsa zakuda. Koma pa kagawidwe anabweretsa dandaulo lalikulu. Ankati gawo lawo lisawerengedwe pa ndalama ya inshuwalansi yokha, chifukwa abale awo akutsala ndi puloti pafupi ndi mtsinje, chinthu chimene munthu sangachipezenso. Anati kwa Mzime: "Iwe mng'ono wanga, udzagulitsa nyumba imeneyo zaka khumi zikubwerazi, ndipo theka la mtengo wake lidzakhala la malo. Malo amenewo ndi a tonse."

Dandaulo limeneli sindinalipeputse, chifukwa lili ndi choonadi. Ogula tinyumba timeneti amalipira zoposa mtengo wa matabwa, ndipo chimene amalipirira ndi mwayi wopempha chilolezo pamalo okongola. Komabe mwalamulo chimene chimagulitsidwa ndi nyumba, ndipo pa tsikulo nyumba kunalibe. Mwayiwo ukanakhala ndi mtengo pokhapokha wina ataika ndalama zake, ndi chiopsezo chake, kuti pamalopo paimenso denga. Ndinauza Achimwene kuti khoti likanatsata mgwirizano umene anasaina. Abale awo ndinawauza kuti kupambana pa pepala sikungabweze m'bale. Ganizo limene ndinapereka, ndipo linalandiridwa, linali lowonjezera ndime imodzi: ngati nyumba yatsopano igulitsidwa kwa munthu wakunja kwa banja chisanafike chaka cha 2035, Achimwene adzalandire gawo pa ndalama yotsala atachotsa zonse zimene omangawo anaika. Ikakhalabe m'banja, sadzalandira kanthu, koma ana awo ali ndi sabata imodzi chaka chilichonse.

Achemwali ndi Mzime anasankha kumanga kocheperako kuposa kakale, chipinda chimodzi ndi kachipinda kam'denga, ngakhale malamulo a m'dera lino amalola mpaka masikweya fiti 1,400. Mzime sanasinthe maganizo ake oti kanyumba n'kodya ndalama. Analowa chifukwa anali atasamukira ku Nevada, pafupi ndi mapiriwo, ndipo anaika malire olembedwa a ndalama imene angapereke. Zikapitirira pamenepo, gawo lake lichepe, la Achemwali likule.

Maganizo anga pa dongosololi

Anthu ena amati si bwino kuti mabanja owerengeka akhale ndi tinyumba pa nthaka ya anthu onse, nthaka imenenso inali ya mitundu ya eni dziko akale, a Washoe, a Nisenan ndi a Miwok, boma lisanaitenge. Ena mwa eni tinyumba amati akuponderezedwa ndi malamulo ochuluka pa nyumba zomangidwa ndi makolo awo. Kwa ine, malamulo okhwimawo ndi amene amachititsa kuti mwayi woterewu ukhale wovomerezeka pamaso pa anthu ena onse. Tsiku limene mipanda, lendi ndi nyumba zazikulu zidzaloledwe, padzakhala palibenso chifukwa choti nzika wamba ilolere kuti tinyumbati tikhalepo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Inshuwalansi ndi mtengo womangiranso zikuchotsa mabanja a aphunzitsi ndi amakaniko amene dongosololi linawakokera kunkhalango poyamba, ndipo otsala akukhala okhawo amene angalipire nyumba yonse ndi ndalama za m'thumba.

Kwa anzanga olemba mawilu, pempho langa ndi loti tisalembe "nyumba ndi malo ake" tisanaone chilolezo. Mayi a anawa akanafunsidwa ali moyo kuti ndani adzalembedwe dzina, akanayankha m'mphindi imodzi, ndipo ana akanamvera. Atapita, yankho lomwelo linatenga miyezi ndipo linasiya bala.

Pamene nkhani ili pano

Kanyumba katsopano kaima ndipo kaunti inakavomereza. Mapulani ovomerezedwa, makalata onse a ofesi ndi zithunzi za puloti zili m'faelo imodzi imene Achemwali ndi Mzime onse ali nayo, pokonzekera kuyendera kumene kudzachitike chilolezo chisanathe mu 2028. Thirasiti yasinthidwa kuti itchule wolowa m'malo mwa Achemwali, yemwe ndi mwana wawo wamkazi, ndipo iye wawerenga chilolezo chonse n'kusaina kuti wachimvetsa. Achimwene sanapiteko kuchokera pamene analandira gawo lawo, ngakhale ana awo anagwiritsa ntchito sabata yawo. Chotsala pa desiki langa ndi nkhani ya madzi. Mapaipi a kamudzi konse anapsa, ali pa chilolezo china cha bungwe la eni tinyumba, ndipo mabanja amene sanamangenso sakufuna kupereka nawo ndalama zokonzera.